Thanki ya mafuta ikagubuduzika pa N7, tiyambe kuchita chiyani?

aMbewe (mphunzitsi, Zóbuè)
Moni nonse akuluakulu. Ine ndili m'komiti ya m'dera mwathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ija imagwira ntchito ndi a INGD, bungwe la boma loona za ngozi zoterezi. Za madzi osefukira tinaphunzira, za mphepo yosasula madenga tinaphunzira, ngakhale kasamutsidwe ka anthu kupita kumtunda. Koma za petulo kapena dizilo akatayika, sitinakhalirepo pansi. Chonsecho msewu wa N7 wadutsa pakhomo pathu penipeni. Mathanki ochokera ku Beira kupita ku Malawi amadutsa usana ndi usiku, ena amagona pamzere pachipata cha malire a Mozambique ndi Malawi pano kudikira mapepala, pambali pake amayi akukazinga tchipisi. Tikufuna tikonze tsiku lophunzitsana, kuyambira ana asukulu mpaka apamsika. Inu amene ntchitoyi mumaidziwa, tiphunzitse chiyani, ndipo tiyambire pati?

NaPhiri (namwino)
Aphunzitsi, yambirani pa Caphiridzange. Pa 17 Novembala 2016 thanki ya petulo yopita ku Malawi inaphulika kumeneko, m'boma lathu lomwe lino la Moatize, anthu ataizungulira ndi zigubu ndi ndowa. Anafa anthu oposa 70, ena pomwepo, ena patapita masiku kuchipatala chachikulu ku Tete, ndipo dziko lonse linalira masiku atatu. Ana ambiri amene muli nawo m'kalasi lero anali asanabadwe, ena anali kumsana. Sanaone, ndiye ayenera kuuzidwa momveka bwino.

Mbali yanga ndi ya munthu wopsa. Chimene chimatipweteka mtima kuchipatala n'choti wodwala amafika atapakidwa kale mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta ophikira, ena mpaka dothi. Kuti tichotse zimenezo pachilonda munthu amamva ululu kawiri, ndipo chilondacho chimachedwa kupola. Chofunika ndi madzi oyera ozizira, kuthira pamalo opsawo kwa mphindi 20, basi. Mphete, zibangili ndi wotchi zichotsedwe msanga thupi lisanatupe. Chovala chimene chasungunukira pakhungu musachikoke, dulani mozungulira n'kusiya chomatiriracho. Kenako fundani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira naye kuchipatala. Mwana wamng'ono musamusiye m'madzi nthawi yaitali thupi lonse, amazizidwa msanga.

aBanda (dalaivala wa thanki)
Zikomo mayi NaPhiri. Ine ndiyankhule monga munthu amene amakhala pamwamba pa malita oposa 30,000 tsiku lonse.

Choyamba anthu adziwe kuwerenga chikwangwani. Thanki iliyonse ili ndi chizindikiro chofiira cha lawi la moto, ndi nambala ya manambala anayi. 1203 ndi petulo. 1202 ndi dizilo. 1223 ndi palafini. 1863 ndi mafuta a ndege. Manambalawa ndi amodzimodzi dziko lonse lapansi, kaya galimoto ndi ya ku Malawi, ku Zambia kapena kwathu kuno. Amene akuimbira foni apolisi kapena ozimitsa moto akangotchula nambalayo, iwo adziwiratu chimene akubwera kudzakumana nacho.

Chachiwiri, chimene chimayaka si madzi a petulo mukuwaonawo, ndi nthunzi yake. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 kunsi kwa ziro, ndiye ganizirani kutentha kwa ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala kumene kumapitirira madigiri 40. Nthunziyo ndi yolemera kuposa mpweya, siikwera kumwamba. Imakwawa pansi, kutsata kotsetsereka, kulowa m'ngalande ndi m'makalavati. Ikafika pa mbaula ya munthu amene ali kutali ndithu, moto umabwerera nayo mpaka pa thanki. N'chifukwa chake munthu amati ine sindinayandikire, koma wapsa.

Mtunda umene timaphunzitsidwa ndi uwu: mamita 50 mbali zonse poyambira, akatayika ambiri mamita 300 kumene mphepo ikupita, thanki ikagwira moto mamita 800. Thawirani kumtunda ndiponso kumene mphepo ikuchokera. Ndipo madzi musathire pa moto wa petulo. Petulo amayandama, madziwo amangomunyamula n'kumufalitsa. Umazimitsidwa ndi thovu kapena ufa wa m'zozimitsira moto.

Mnyamata wa kabaza (Mussacama)
Akuluakulu, pepani ndilowererepo. Zonse mukunenazi ndi zoona, koma mukuganiza kuti anthu a ku Caphiridzange sankadziwa kuti petulo amayaka? Amadziwa. Aliyense amadziwa. Munthu wagona ndi njala, ana abwezedwa kusukulu chifukwa cha makope, ndiye aone mafuta akungothira pansi, chigubu chimodzi chokwanira kugula thumba la chimanga. Mumuuza za mamita 300 amva? Ife a njinga zamoto ndi amene timafika poyamba, ndipo sindinama, ambiri mwa anzanga angatenge chigubu.

NaPhiri (namwino)
Mwanawe, wanena zoona ndipo usapepese. Koma taona izi. Ku Morogoro ku Tanzania mu Ogasiti 2019 zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo ambiri mwa amene anafa anali anyamata a njinga zamoto ngati iwe. Ndinu oyamba kufika, ndinu oyamba kupsa. Kudziwa kuti petulo amayaka n'kosiyana ndi kudziwa kuti injini ya njinga yako, ili chilizire pambali pa ngalande, ndiyo ingayatse. Chachiwirichi ambiri sachidziwa.

aBanda (dalaivala wa thanki)
Ndiwonjezere, chifukwa mnyamatayu wakhudza pachilonda. Umphawi uli mbali ziwiri. Nkhani zimene zinatuluka nthawi ya Caphiridzange zinati galimotoyo inali itapatuka pamsewu waukulu kuti mafuta agulitsidwe mwamseri. Ife madalaivala nkhani imeneyi timaidziwa, imachitika. Munthu amapatukira kutchire madzulo, n'kutsegula vavu, payipi kuthira m'madiramu, popanda waya wolumikiza thanki ndi nthaka, wina akuunikira ndi tochi kapena pampu yamagetsi yolumikiza ku batire. Petulo akamayenda m'payipi amapanga magetsi akeake, kamoto kakang'ono kakangothetheka zatha. Ku depoti sangakulole kuthira usanamangirire waya uja. Ndiye maphunziro anuwo aphunzitsi akhudzenso ogula mafuta a mseriwa, asangoyang'ana tsiku limene galimoto yagwa.

Gogo aNgozo (Ulongwe)
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga. Kuno ku Angónia nafenso mathanki amadutsa, opatukira pa Mussacama kupita ku Calómuè ndi Dedza, ndipo zitunda za njira imeneyi mukuzidziwa. Mawu anga ndi amodzi: gulu la anthu silimva pepala, limamva munthu. Pakagwa ngozi pamafunika munthu amene akaima pakati pamsewu n'kunena kuti bwererani, anthu abwerera. Ameneyo ndi nyakwawa, mlembi wa dera, mkulu wa mpingo, shehe, tcheyamani wa msika, tcheyamani wa akabaza. Apolisi akuchokera kutali, ozimitsa moto a SENSAP akuchokera kutali kwambiri. Theka la ola loyamba lili m'manja mwa eni mudzi. Mukaphunzitsa ana okha, mwana sangaletse bambo ake. Yambani ndi amfumu, muwapatse ulemu wawo, iwo ndiwo aitane msonkhano.

Mnyamata wa kabaza (Mussacama)
Agogo, apo ndagwirizana nanu. Tcheyamani wathu akanena kuti amene wapita ndi chigubu sakweranso pa siteji, palibe angapite. Ndipo ife tingathandize, awiri kutseka msewu mbali ino, awiri mbali inayo, njinga titazimitsa kutali.

aJere (Moatize)
Ndinagwirapo ntchito yoona za chitetezo pa mgodi wina kuno, ndiye ndinene za gawo limene silinatchulidwe, mafuta akalowa m'nthaka ndi m'madzi. Moto ndi umene umatchuka chifukwa umapha tsiku lomwelo, koma dizilo wotayika amawononga mwakachetechete kwa zaka.

Dizilo sayaka msanga ngati petulo, amafuna atenthe kupitirira madigiri 50 kuti atulutse nthunzi yoyaka. Koma musamuderere, phula la kuno masana limatentha kufika pamenepo. Vuto lake lalikulu ndi loti sauma msanga. Amalowa pansi, n'kukafika m'zitsime za m'madimba ndi m'mijigo yosazama. Madzi akayamba kununkha mafuta, chitsime chimenecho chatha ntchito, kuwiritsa sikuthandiza. Petulo nayenso ali ndi mankhwala otchedwa benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi.

Pantchito tinkaphunzira zinthu zinayi motsatana: chotsa anthu, tseka pamene akutulukira ngati n'kotheka popanda ngozi, tchinga asafalikire, kenako tola. Kutseka ndi kutola ndi ntchito ya ophunzitsidwa okhala ndi zida. Kutchinga ndi kumene mudzi ungathandize, ngati nambala ndi 1202 ndipo mtsogoleri walola. Mumatsogola kutali kumene mafuta akulowera, n'kuunjika dothi kapena mchenga pakamwa pa kalavati asanafike. Akalowa kale m'kamtsinje kakang'ono, pali njira imene ndinaiona ikugwira ntchito ndi maso anga. Mumamanga kadamu ka matumba a mchenga, n'kulowetsamo payipi yopendekeka, kukamwa kwake kwa kumtunda kuli pansi pamadzi, kwa kumunsi kuli m'mwamba pang'ono. Madzi oyera amadutsa kunsi kudzera m'payipi, mafuta amatsalira pamwamba kuseri kwa damu, ndipo mumawatapa ndi udzu wouma kapena utuchi. Zotapirazo ndi dothi lonyowa mafuta muziunjike pa pulasitiki yokhuthala, kutali ndi madzi, kudikira eni galimoto adzatenge. Osazikwirira, osaziwotcha.

Ngati ndi 1203, zonsezi iwalani. Khasu likagunda mwala limathetheka moto. Thawani basi.

aBanda (dalaivala wa thanki)
Achimwene aJere, apa ndikutsutsaniko pang'ono. Mukauza mudzi kuti pa dizilo mukhoza kuyandikira, mawa adzayandikira pa petulo n'kumati timayesa dizilo. Usiku nambala siioneka, thanki ikagona chammbali chikwangwani chimakhala pansi. Komanso thanki ili ndi zipinda, nthawi zina chipinda china petulo china dizilo. Ine ndikanakonda lamulo likhale limodzi kwa onse: thanki yagwa, thawani.

aJere (Moatize)
Mwanena bwino achimwene, ndipo tisiyanitse magulu awiri. Kwa anthu onse, ana, amayi apamsika, okwera minibasi, lamulo likhale limodzi lomwelo, thawani ndipo zimitsani moto uliwonse. Za kutchinga ziphunzitsidwe kwa anthu ochepa a m'komiti, odziwika maina, amene ayeserera kale, ndipo azigwira ntchito kutali ndi galimoto, kumunsi kumene mafuta sanafike. Nambala ikapanda kuoneka, aziti ndi petulo. Koma kungosiya osatchinga konse, malita masauzande alowe mu Revúbuè, ine sindingavomere. Mtsinje umenewu umathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, ndipo anthu amamwa, kuchapa ndi kuthirira ndiwo m'mbali mwake monse.

aMwale (msodzi wa kapenta, Cahora Bassa)
Moni kumtunda uko. Inu mukukamba za mathanki, koma kuno kunyanja mafuta amatayika pang'onopang'ono tsiku lililonse ndipo palibe amene amakutcha ngozi. Maboti a kapenta amayendera dizilo, ma jenereta a magetsi okopera nsomba usiku amamwanso mafuta. Pothira kuchokera m'chigubu popanda faneli, boti likugwedezeka, ena amagwera m'madzi. Wina akasintha oyilo, wakudayo amangokhuthulira pagombe. M'mawa pa doko mumaona madzi ali ndi mitundu ya utawaleza, pomwepo amayi akutunga ndi kutsuka nsomba. Kapenta wogwidwa kapena kutsukidwa pamalo otere amanunkha mafuta ngakhale atauma, ndipo wogula akanunkhiza thumba limodzi amakana onse. Ife maphunziro amene tikufuna ndi osavuta: faneli, diramu losungira oyilo wakutha pa doko lililonse, ndi munthu woti azidzatenga. Nanga boti lonyamula madiramu kupita ku Zumbo litamira, tingachite chiyani? Mpanda woyandama uja wotchingira mafuta pamadzi ndinangouona pa kanema.

NaNkhoma (wophunzira, Beira)
Amalume aMwale, ndiyankheko pa zimene tikuphunzira za panyanja, chifukwa zikukhudzana. Dziko lathu linalawapo kale. Mu Epulo 1992 sitima yotchedwa Katina P, itanyamula matani oposa 60,000 a mafuta olemera, inawonongeka pafupi ndi Maputo. Mafuta anafika m'magombe ndi m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja, asodzi anavutika, ndipo sitimayo anaikokera kutali kumene inakamira. Nthawi imeneyo nkhondo inali isanathe, zida ndi anthu ophunzitsidwa zinali zochepa.

Pa dziko lonse pali pangano la 1990 la IMO, bungwe la United Nations loona za sitima zapamadzi, lotchedwa OPRC, limene limafuna kuti mayiko, madoko ndi sitima akhale ndi dongosolo lolembedwa lothana ndi mafuta otayika m'madzi, zida, ndi kuyeserera nthawi ndi nthawi. Ngozi amazigawa patatu. Gawo loyamba ndi laling'ono, mwini malo athane nalo ndi zida zake. Lachiwiri limafuna thandizo la ena a m'chigawo kapena boma. Lachitatu ndi lalikulu, lofuna dziko lonse ngakhale akunja. Kwathu za panyanja amayang'anira ndi a INAMAR. Zimene mukunena za pa doko lanu ndi gawo loyamba, ndipo eni maboti ndiwo ayenera kukhala ndi zida zake.

Za mpanda woyandama, pa madzi odekha ngati m'magombe a Cahora Bassa umagwira bwino. Pa mtsinje ndi nkhani ina. Madzi akamathamanga kupitirira masentimita 35 pa sekondi, mafuta amadutsa kunsi kwa mpanda woikidwa mopingasa. Zambezi pa Tete amathamanga kuposa pamenepo. Choncho sautchinga mopingasa, amauika mopendekeka kuti ukankhire mafuta kugombe pamalo odekha pamene angatapidwe. Malo amenewo amayenera kusankhidwa kale, ndi podzamangirira zingwe pomwe, ngozi isanachitike. Thanki itagwa pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 ndipo ndi umene magalimoto olemera amadutsa, nthawi yofufuza malo sipangakhale. Madziwo akupita ku Mutarara, Caia, Marromeu mpaka ku Chinde. Mankhwala omwaza mafuta amene amathira panyanja yakuya sayenera m'madzi akumwa.

aMwale (msodzi wa kapenta, Cahora Bassa)
Mwana wa mlongo wanga, wanditsegula maso. Koma mpanda wogula ndi wodula. Palibe wopanga ndi manja?

NaNkhoma (wophunzira, Beira)
Ulipo amalume. Ku Mauritius mu 2020 sitima ya Wakashio itagunda miyala n'kutaya matani pafupifupi 1,000, anthu wamba anasoka mipanda yaitali ndi nsalu, mkati ataikamo masamba ouma a nzimbe ndi tsitsi, n'kumangirira mabotolo apulasitiki kuti iyandame. Kwa ife udzu wouma kapena mapesi m'matumba aukonde zingagwire. Dziwani kuti imamwa madzi n'kulemera, ndiye imafuna kusinthidwa isanamire, ndipo siyolimba pa mafunde. Ogwira avale magolovesi ndi majombo. Ndipo ndi ya dizilo ndi oyilo. Petulo pamadzi sasonkhanitsidwa malo amodzi pafupi ndi maboti, chifukwa mukusonkhanitsa moto.

NaPhiri (namwino)
Ndikumbutse china chokhudza asodzi ndi akabaza omwe. Kukoka petulo ndi pakamwa kudzera m'payipi kuleke. Wina akameza petulo kapena palafini musamusanzitse, chifukwa posanza mafuta amalowa m'mapapo ndipo ndi amene amapha. Musamupatse mkaka kapena mafuta ophikira kuti asanze, mutengereni kuchipatala. Ogulitsa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu asamasiye pofikira ana, timalandira ana amene amwa akuyesa madzi. Zovala zikanyowa petulo, zinyowetseni ndi madzi musanavule, muvulire kutali ndi moto, n'kusamba ndi sopo.

aMbewe (mphunzitsi, Zóbuè)
Ndalemba zonse m'kope. Mmene ndikuonera, kungoima kutsogolo n'kumalankhula sikukwanira. Kwaya siimba Lamlungu isanayeserere mkati mwa sabata, nafenso tiyeserere. Ndikuganiza zotenga ana a makalasi akuluakulu tiyeze ndi chingwe mamita 300 kuchokera pamsewu, mbali ya kumtunda, n'kupaka penti pamtengo kapena pamwala umene tafikapo, kuti aliyense adziwe pothawira popanda kuwerenga. Tiyendenso ndi akomiti kuona makalavati onse ndi kumene madzi ake amathira, ndi zitsime zimene zili kumunsi kwake. Manambala a foni a apolisi, a chipatala ndi a ozimitsa moto tiwayese ngati akugwira, tisanawalembe pakhoma la msika. Ndipempha amfumu aitane msonkhano monga agogo anenera, ndipo tilembera kalata a boma ndi a wailesi imene imaulutsa m'Chinyanja. Chimene chikundivuta ndi galimoto yoyesererapo.

Gogo aNgozo (Ulongwe)
Muitanenso anzathu a tsidya la Mwanza. Msika ndi umodzi, maukwati ndi amodzi, ndipo pakagwa ngozi pachipata opsa ena adzathamangira nawo kumeneko chifukwa ndi pafupi. Achipatala a mbali zonse ziwiri adziwane nkhope.

aBanda (dalaivala wa thanki)
Za galimoto ndingakambe ndi abwana anga. Pobwerera ku Beira timadutsa opanda katundu, mwina angalole ndiime pasukulu ola limodzi, ana aone chikwangwani, mavavu, swichi yodulira batire ndi zozimitsira moto.

aJere (Moatize)
Achimwene, mtima wanu ndi wabwino koma thanki imeneyo isafike pasukulu. Inu mukudziwa kuposa ine kuti thanki imene yangotsitsa petulo imakhala yodzaza nthunzi, ndipo ikhoza kuphulika kuposa yodzaza mafuta, pokhapokha itatsukidwa n'kuyezedwa ndi chida. Bwerani nokha ndi zithunzi, chozimitsira moto chimodzi ndi waya uja wolumikiza ku nthaka, muwaonetse m'manja. Poyeserera tipemphe galimoto yonyamula madzi kwa okonza msewu, tiimate chikwangwani cha katoni cholembedwa 1203. Titsegule madzi pamalo otsetsereka, anthu aone okha kumene akulowera ndi liwiro lake, wina agwire wotchi tione kuti msika utenga mphindi zingati kuti anthu onse achoke ndi mbaula zonse zizime. Tikatero tisinthe chikwangwani chikhale 1202, akomiti ayese kutseka kalavati madzi asanafike. Aphunzitsi, mukapangana tsiku ndi amfumu mundiuze msanga, ndibwera ndi matumba ndi payipi ya kadamu kaja. Likhale mvula isanayambe, ngalande zikadali zouma.